Mawotchi kapena sikirini? Mbiri ya kuuluka m'chifunga kuchokera pa Chileka



Aliyense wokhala mu Blantyre amachidziwa chiperoni. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yachinyontho yochokera kunyanja yamchere imadzera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique n'kutibweretsera mitambo yotsika ndi mvula yowaza. Masiku otere wa ku Ndirande saliona phiri lake lomwe, wa ku Chilomoni saiona Michiru, ndipo wa ku Zingwangwa amangodziwa ndi mutu kuti Soche ali pompo. Koma masiku omwewo timamva ndege ikulira m'mitambo, ikutsetserekera ku Chileka pakati pa mapiri amene woyendetsayo sakuwaona. Amadziwa bwanji pamene ali? Nanga luso limeneli analiphunzira pa ndege yotani?

Nkhaniyi sinangobwera. Mtsikana wina wa ku Machinjiri amene ndinamuphunzitsa Fizikisi anandilembera kuti wapeza malo m'sukulu ziwiri za oyendetsa ndege ku South Africa. Ina imaphunzitsa kuuluka m'mitambo pa Piper Seneca, ndege yakale ya injini ziwiri yodzaza ndi mawotchi a mivi, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Inayo ili ndi Diamond DA42, ya injini ziwirinso, koma kutsogolo kwa woyendetsa kuli masikirini awiri ngati a kompyuta, zomwe eni ake amazitcha glass cockpit. Makolo ake akugulitsa puloti kuti alipire, choncho kulakwitsa posankha si nkhani yamasewera. Ine ndine mphunzitsi wokonda mbiri, ndiye yankho langa ndilidzeretsa ku mbiri.

Khutu limanama

Tiyambe ndi zimene timaphunzitsa mu Bayoloje. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, ndipo madziwo akasuntha ubongo umadziwa kuti mutu watembenuka. Pansi pano zimenezi zimagwira bwino chifukwa maso amathandizira. Koma mumtambo, pomwe pawindo pangoti mbee, ndege ikayamba kupendekeka pang'onopang'ono khutu silimva kanthu. Ikapitiriza kukhota kwa masekondi angapo madziwo amakhazikika, ndipo thupi limamuuza woyendetsa kuti zonse zili bwino pomwe ndege ikuzungulira n'kumatsika. Akaiwongola, thupi limamunamizanso kuti tsopano wapendekera mbali inayo.

Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois ku America anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka ndi zipangizo zokha. Anawatchinga kuti asaone kunja. Onse analephera kuiwongolera ndege, ndipo powerengera pakatikati, nthawi imene anatha kupirira inali masekondi 178. Mphindi zitatu sizinakwane.

Mankhwala a vutoli anali atapezeka kale. Pa 24 Seputembala 1929, ku Mitchel Field pafupi ndi New York, Jimmy Doolittle ananyamuka, kuzungulira ndi kutera ali wophimbidwa ndi chinsalu, osaona kunja ngakhale pang'ono. Anadalira wailesi, chipangizo choyezera kutalika kuchokera pansi cha Paul Kollsman, ndi zipangizo ziwiri za kampani ya Sperry zogwiritsa ntchito gyroscope. Gyroscope musaione ngati chinthu chachilendo: ndi nguli imene tinkakwapula tili ana. Nguli ikamazungulira mothamanga imakana kugwa. Mukaiika m'kabokosi momasuka, ndege ingapendekere bwanji iyo imakhalabe chilili, ndipo woyendetsa amaona pagalasi mmene mapiko ake akhalira poyerekeza ndi dziko. Chaka chomwecho Edwin Link anapanga kabokosi kophunziriramo kuuluka uli pansi, kholo la masimuleta a masiku ano.

Pofika 1937 asilikali a m'mlengalenga a ku Britain anali atagwirizana zoika mawotchi 6 ofunikira pamalo amodzi m'ndege zawo: wa liwiro, wa kapendekedwe, wa kutalika, wa kukhota, wa kumene ndege yaloza, ndi wosonyeza ngati ikukwera kapena kutsika. Wophunzira amazolowetsa maso kuyendayenda pa mawotchi amenewa mosalekeza, n'kumanga chithunzi chimodzi m'mutu mwake. Piper Seneca imene mwana wathu akuiganizira, yomwe inayamba kupangidwa mu 1971, ndi mdzukulu wa dongosolo limeneli.

Ndege za mawotchi pa Chileka

Blantyre sanachedwe kulowa m'nkhaniyi. Mu 1931 kampani ya Christowitz Air Services inayamba kuulutsa kandege kakang'ono pakati pa Blantyre ndi Beira, ndipo patangopita zaka zochepa inalowa mu Rhodesia and Nyasaland Airways. Oyendetsa a nthawi imeneyo ankadalira kwambiri maso, mapu ndi kampasi, akutsatira mtsinje wa Shire ndi njanji. Nyengo ikaipa, ulendo unkadikira.

Mu 1946 kunabadwa Central African Airways ya maiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Air Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ngati nthambi ya kampani imeneyi, ndipo inayamba ndi ndege ziwiri za Douglas DC-3, zomwe akuluakulu ankazitcha Dakota, ndi zitatu za Beaver za injini imodzi zopita kumabwalo ang'onoang'ono. Mu 1967 inaima payokha. Kenaka kunabwera HS 748 ya injini ziwiri zamapulopela, mu 1972 BAC One-Eleven ya injini ziwiri za jeti kumchira, ndipo mu 1974 chimphona chija, Vickers VC10, chimene chinkapita ku London mpaka 1979. Amene munakulira cha ku Chileka m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira mmene VC10 inakhalira pambali pa bwalo kwa zaka zambiri, ikuwombedwa ndi dzuwa.

Ndege zonsezi zinali za mawotchi. Pofuna kulipeza bwalo mumtambo, woyendetsa ankatchera wailesi yapadera ku nsanja ya pansi yotchedwa NDB, ndipo muvi unkaloza kumene kuli nsanjayo. Muviwo sunena kuti uli kutali bwanji, sunena kuti mphepo ikukukankhira kuti, ndipo nthawi ya dzinja mphezi zimausokoneza. Pambuyo pake kunabwera VOR, yomwe imamuuza woyendetsa mzere weniweni umene ali kuchokera pa nsanja, ndi DME yonena mtunda. Komabe mapu enieni anali m'mutu mwa munthu. Iye ankayenera kudziwa kuti Chileka ili pansi pa mamita 800 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Michiru, Soche ndi Ndirande zatalika ndi mamita mazana angapo kuposa pamenepo, komanso kuti kum'mawa kuli Sapitwa wa mamita 3,002. Ankawerengera liwiro, nthawi ndi mphepo, kwinaku akulankhula ndi a pansanja. Anthu amenewa masamu a m'mutu ankawadziwa.

Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe litatsegulidwa mu 1983, ndege zikuluzikulu zakunja zinasamukira kumeneko, koma Chileka, yomwe tsopano ili ndi dzina loti Bakili Muluzi International Airport, inapitiriza kutumikira mzinda wathu.

Kubwera kwa masikirini

M'zaka za m'ma 1970 ndege zikuluzikulu zinali ndi mawotchi ndi maswitchi ochuluka kwambiri moti maso a munthu ankalephera kuwakwanitsa. Bungwe la NASA linayamba kuyesa kuika zonsezi pa masikirini. Boeing 767 inayamba kunyamula anthu mu 1982 ili ndi masikirini, ndipo Airbus A320 inatsatira mu 1988. Kuno kwathu kusinthaku kunayamba kuoneka mu 1991 pamene Air Malawi inalandira Boeing 737-300 ndi ATR 42, ndege za m'badwo wosakaniza timasikirini ndi mawotchi. Air Malawi itatha mu 2013, Malawian Airlines, yomwe boma linagawana ndi Ethiopian Airlines pa 51 ndi 49 peresenti, inayamba kuuluka mu Januwale 2014 ndi Boeing 737-800 ndi Bombardier Q400, zonse za masikirini. Mu Malichi 2017 Kaputeni Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika paudindo umenewu, ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege ya kampaniyi kupita ku Dar es Salaam pa ulendo umene ogwira ntchito onse anali amayi. Atsikana athu izi azidziwe.

Ku ndege zing'onozing'ono zophunzirira, masikirini anafika mochedwa. Garmin G1000 inatuluka mu 2004, chaka chomwe Diamond DA42 ya ku Austria inalandira chilolezo. Sikirini yakumanzere imasonyeza zonse za mawotchi 6 aja pamodzi, ndi mzere wa pomwe dziko lakumana ndi thambo wotambalala kuchokera mbali ina kufika ina. Yakumanja ndi mapu oyenda: kandege kali pakati, GPS ikukasuntha, ndipo mapiri amene atalika kufika pamene ndege ili amatha kuoneka ofiira. Nguli yozungulira ija inalowedwa m'malo ndi timasensa tamagetsi topanda chozungulira.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kwambiri. M'ndege zakale nguli imazunguzidwa ndi mpweya wokokedwa ndi pampu. Pampuyo ikafa, nguli siima nthawi yomweyo. Imafooka pang'onopang'ono, wotchi n'kuyamba kunama mwakachetechete, ndipo amene sayerekeza ndi mawotchi ena amaitsatira mpaka kugwa. Sikirini ikataya sensa kawirikawiri imalemba mtanda wofiira pamalopo, bodza silikhalapo. Koma magetsi akavuta, wophunzira amatsala ndi timawotchi tochepa tapadera, ndipo ngati anazolowera kungotsatira mzere pa mapu, m'mutu mwake mumakhala mopanda kanthu.

Kodi masikirini anachepetsa ngozi? Mu 2010 bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB linatulutsa kafukufuku wa ndege zazing'ono za injini imodzi zoposa 8,000 zopangidwa pakati pa 2002 ndi 2006. Linapeza kuti za masikirini zinkachita ngozi zochepa, koma ngozi zopha anthu zinali zochulukirapo kuyerekeza ndi za mawotchi. Mwa zina, za masikirini zinkayenda maulendo ataliatali ndi m'nyengo yovuta, pomwe za mawotchi zambiri zinkazungulira pafupi ndi mabwalo ophunzirira. Bungwelo linanena kuti chipangizo chatsopano pachokha sichinaonetse kuti chawonjezera chitetezo, ndipo linapempha maphunziro apadera a zipangizozi.

Injini ziwiri, ntchito zinayi

Anthu ambiri amaganiza kuti injini imodzi ikafa ndege imangotsala ndi theka la mphamvu basi. Zoona zake n'zakuti ndege yaing'ono ya injini ziwiri imataya pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu yake yokwerera, chifukwa mphamvu yambiri yotsalayo imathera pongoisunga m'mwamba. M'mwezi wa Okutobala, Chileka itatentha, mpweya umapepuka ndipo zinthu zimaipiraipira. Komanso injini yamoyo imakokera mbali imodzi, ndege n'kumapotokera ku injini yakufa. Woyendetsa aponde chiwongolero cha kumchira ndi phazi limodzi, azindikire injini imene yafa, atsimikize, kenaka atembenuze masamba a pulopela yake kuti asamatchinge mphepo. Zonsezi azichita ali mumtambo, maso ali pa zipangizo.

Pa Seneca pali zogwirira 6 za injini: ziwiri za moto, ziwiri za mapulopela, ziwiri zosakaniza mafuta ndi mpweya. Pa DA42 pali ziwiri zokha, imodzi pa injini iliyonse, zina zonse kompyuta imachita, ndipo injini zake zimamwa mafuta a jeti, achibale a palafini, amene amapezeka mosavuta m'mabwalo a mu Africa kusiyana ndi petulo wa ndege. Okonda Seneca amati amene wapirira zogwirira 6 mumtambo palibe chingamuopse. Okonda DA42 amati nthawi imene wophunzira akulimbana ndi zogwirira ikanathera pophunzira kuganiza, ndipo ndege za makampani zili ngati DA42, osati Seneca.

Mbiri ili ndi chenjezo kwa mbali zonse. Pa 8 Januwale 1989 Boeing 737-400 ya British Midland inanyamuka ku London kupita ku Belfast. Injini yakumanzere inathyoka tsamba, koma oyendetsa anazimitsa yakumanja, yomwe inali yabwinobwino. Ndege inagwa pa Kegworth, pafupi ndi bwalo la East Midlands, ndipo anthu 47 anafa. Oyendetsawo anali odziwa ntchito, ozolowera ma 737 akale. Ofufuza anapeza kuti kachipangizo kosonyeza kunjenjemera kwa injini kanali kunena zoona, koma kanali kakang'ono, kamaonekedwe atsopano, ndipo iwo anali asanayeserepo vuto lotere pa simuleta ya zipangizo zatsopanozo. Luso la pa zakale silinasamuke lokha kupita pa zatsopano.

Chikangawa

Nkhaniyi sitingaikambe ngati ya kutali. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya Dornier 228, ya injini ziwiri, inanyamuka pa bwalo la Kamuzu nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa kupita ku Mzuzu. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Klaus Chilima, amene ankapita kumaliro a Ralph Kasambara. Sinafike. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anali atatisiya, kuphatikizapo mayi Patricia Shanil Dzimbiri. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, BFU, linatulutsa lipoti loyamba mu Ogasiti 2024 ndi lomaliza mu 2025. Linanena kuti ndegeyo, yomwe inapangidwa m'zaka za m'ma 1980, inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ngakhale osunga mmene ulendo ukuyendera, ndipo batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa linatha ntchito mu 2004. Njira imene inadutsa anaidziwa kuchokera mu GPS imene inali m'ndegemo. Pa chimene chinachititsa ngozi, lipotilo linati ulendo umene unkayendetsedwa motsatira malamulo odalira maso unalowa m'nyengo yofuna zipangizo, ndege ili m'munsi, ndipo inawomba malo okwera. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Jasitisi Jabbar Alide inanenanso mu Disembala 2024 za nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Amalawi ambiri sanakhutire ndi mayankhowa, ndipo ine pano sindikuweruza mlandu. Ndikungotenga phunziro limodzi la m'kalasi: malire a pakati pa kuuluka ndi maso ndi kuuluka ndi zipangizo ndi pamene anthu ambiri padziko lonse afera, ndipo chimene chimapulumutsa pamalirepo ndi chisankho chobwerera kapena kukwera msanga, chochitidwa nthawi ikadalipo. Wotchi ngakhale sikirini sizingamusankhire munthu.

Ndiye mwana asankhe iti?

Aphunzitsi a Masamu mukukumbukira mkangano wa matebulo a malogi ndi makakyuleta. Ena ankati kakyuleta ipha ubongo wa ana, ena ankati matebulo ndi kutaya nthawi. Zimene taona m'kalasi n'zakuti mwana wodziwa kuyerekeza yankho m'mutu amapindula kwambiri ndi kakyuleta, chifukwa akadina molakwika amazindikira msanga, pomwe wosadziwa amakopera chilichonse chimene chatuluka. Kuuluka m'chifunga n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko kulakwa sikukonzedwa ndi cholembera chofiira.

Maganizo anga ndi awa. Maziko, ndiko kuti kuyendetsa maso pa zipangizo ndi kusunga mapu m'mutu, aphunziridwe popanda mapu oyenda. Zimenezi zimatheka pa ndege ya mawotchi, zimathekanso pa simuleta kapena pa DA42 yomwe ngati mlangizi akuzimitsa sikirini yakumanja kawirikawiri. Koma asamalize maphunziro asanagwirepo masikirini, chifukwa ntchito imene akuifuna, kaya pa Q400 kaya pa 737, ili kumeneko. Malamulo a ICAO amafuna maola 40 ouluka ndi zipangizo kuti munthu alandire chilolezo chouluka m'mitambo, maola 200 kuti alandire laisensi yogwirira ntchito, kapena 150 pa kosi yovomerezeka yosadukiza, ndi maola 1,500 kuti afike pa laisensi yaikulu ya makaputeni. Maola a pa ndege ya injini ziwiri ndi ochepa poyerekeza ndi ulendo wonsewu, koma ndiwo odula kwambiri, ndiye lililonse ligwire ntchito.

Safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama, funsani sukuluyo mafunso awa. Ndege za injini ziwiri ili nazo zingati, ndipo zimene zikuuluka sabata ino ndi zingati? Ndege yakale yotchipa pa ola imadula ikakhala mwezi ikudikira sipeya, wophunzira akulipira lendi ndi chakudya m'ndalama zakunja, masiku a viza akutha. Mwa maola olonjezedwawo, angati ndi a m'mwamba ndipo angati ndi a pa simuleta? Kodi amayeserera kufa kwa injini, kwa GPS ndi kwa sikirini? Alangizi amakhalitsa, kapena wophunzira amasinthiridwa mlangizi mwezi uliwonse? Laisensiyo akabwera nayo kuno, akuluakulu oona za ndege adzafuna chiyani kuti aivomereze? Mayankho a mafunso amenewa ndi ofunika kuposa kukongola kwa ndege ya pa chithunzi.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, zambiri za m'nkhaniyi zili kale m'silabasi yathu. Wotchi ya kutalika ndi barometa chabe. Ya liwiro imayeza kusiyana kwa kukankha kwa mpweya. Kulimbana ndi mphepo yam'mbali ndi mavekitala ndi ma bearing a Folomu 3 ndi 4. Kuwerenga mizere ya kutalika kwa mapiri ndi Jogalafe. Mwana akafunsa kuti zimenezi adzazigwiritsa ntchito kuti, muuzeni za Doolittle ndi chinsalu chake, ndipo ngati muli ndi nguli m'kabati ya sayansi, itulutseni aikwapule aone.

Amene muli m'ntchito ya ndege, makamaka ana anga akale, tiuzeni mmene inu munaphunzirira, kuti aang'ono anu amve kwa eni ake.